Bulangete Lofiira la Mzime

Mzime anali mwana womaliza m'banja mwawo. N'chifukwa chake ankamuitana kuti Mzime.

Kudzuka, womaliza. Kusamba, womaliza. Kuvala nsapato, womaliza. Kudya kokha ndi kumene ankakhala woyamba.

Mzime ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kudziwa kuwerenga.

Kusukulu kwawo kunabwera matabuleti. Tabuleti ili ngati foni yaikulu. Ukakhudza chilembo, imachitchula. Ukalakwa, siikalipa. Imangoti, "Yesanso."

Ana anali ambiri. Matabuleti anali ochepa. Choncho ana ankaima pamzere.

Kumapeto kwa mzere kunali ndani? Mwadziwa kale.

Mzime anadikira. Anadikira. Anadikirabe. Kenako nthawi yake inakwana. Anakhudza galasi. Galasi linali bii!

"Aphunzitsi, tabuleti yagona," anatero Mzime.

Aphunzitsi anaigwedeza. Anaiuzira mpweya. Koma siinadzuke.

"Yatha moto, mwanangu," anatero Aphunzitsi. "Mawa."

Mawa lake Mzime anadikiranso. Anakhudza galasi. Galasi linali bii!

Mkuja lake, chimodzimodzi. Bii!

Anzake anayamba kuwerenga. "Ba, be, bi," ankatero. Mzime ankangoona nkhope yake pagalasi lakuda.

"Tabuleti imakuopa iwe," anatero mnzake wokhala naye desiki imodzi. "Ikangokuona, imakomoka."

Mzime sanaseke.

Aphunzitsi nawonso sanaseke. "Matabuleti awa akugona kwambiri," anatero. "Akapitiriza, tiwaika m'katoni. Abwerera kumene anachokera."

Mzime anada nkhawa. Matabuleti apite iye asanawerenge? Ngakhale "ba" yekha?

Bambo ake a Mzime anali mlonda wa pasukulupo. Anali munthu wosamala zinthu. Wailesi yawo ankaifunditsa nsalu. Njinga yawo ankaiika pamthunzi. Mzime ankamuveka chipewa chachikulu, chofika m'maso.

"Dzuwa ndi mbala," ankatero Bambo. "Taonani malaya angawa. Kale anali obiriwira. Lero ayera mbuu. Waba mtundu wake ndani? Dzuwa!"

Kunyumba kunalinso nkhani ina. Mzime anali ndi bulangete lofiira. M'mawa uliwonse linkasowa. Madzulo linkapezeka pabedi. Linkakhala lofunda. Linkamveka fungo la malata.

"Kodi bulangete limeneli lili ndi miyendo?" anafunsa Amayi.

Bambo anatsokomola. Anayang'ana kudenga.

Tsiku lina Mzime anakweza mkono.

"Aphunzitsi, kodi tabuleti imadya chiyani?"

Ana onse anaseka. Koma Aphunzitsi anati, "Funso labwino. Tabuleti imadya dzuwa."

"Idya bwanji dzuwa? Ilibe pakamwa."

"Pakamwa pake pali padenga," anatero Aphunzitsi. "Kuseri kwa kalasi ino kuli sola. Sola ndi galasi lalikulu lakuda. Imamwa dzuwa. Kenako imatumiza moto pa waya. Moto umenewo ndi umene umadzutsa matabuleti."

Nthawi yopuma inakwana. Ana anathamangira kukasewera mpira. Mzime sanapite. Ankafuna kuona pakamwa pa tabuleti.

Kuseri kwa kalasi kunali udzu wautali. Sikunkapita munthu. Mzime anadutsa mu udzuwo. Anakankhira chipewa kumbuyo. Anayang'ana padenga.

Sola sanaione. Anaona chinthu chofiira. Chinali chitayalidwa bwinobwino. M'makona munali miyala.

"Bulangete langa!" anatero Mzime.

Pakhoma panali makwerero. Makwererowo ankawadziwa. Anali a Bambo.

Mzime anapita kugeti. Bambo anali pampando wawo, pansi pa mtengo.

"Ababa, ndapeza kumene bulangete langa limapita."

Bambo anatsokomola. "Ee, limagwira ntchito ya sukulu," anatero. "Sola ija ndi yamtengo wapatali. Akungoisiya padzuwa tsiku lonse. Isuluka ngati malaya anga. Dzuwa likangoyamba kutentha, ine ndimaifunditsa."

Anatero akudzigunda pachifuwa.

Mzime anakhala pansi pafupi nawo. Anaganiza pang'ono. Sankafuna kuwachititsa manyazi.

"Ababa, inu mukamadya, ine ndimakutsekani pakamwa?"

"Ungayerekeze?" anatero Bambo.

"Nanga nditakutsekani, mungatani?"

"Ndingagone ndi njala."

"Matabuleti nawonso akugona ndi njala," anatero Mzime. "Chakudya chawo ndi dzuwa. Pakamwa pawo ndi sola. Inu mwatsekapo ndi bulangete langa."

Bambo anakweza mutu. Anayang'ana dzuwa. Anayang'ana malaya awo. Anayang'ana Mzime.

"Ukutanthauza kuti mbala ija ndi chakudya?"

"Inde, Ababa. M'mawa matabuleti amangolawa pang'ono. Ana oyamba amawapeza ali maso. Ine ndimawapeza atagona."

"Aa! Ndiye ndakhala ndikumumana maphunziro mwana wanga yemwe?" anatero Bambo, atagwira pakamwa.

Anadzuka msangamsanga. Anakwera makwerero. Anachotsa miyala. Anachotsa bulangete. Sola inawala ngwee!

Aphunzitsi anamva phokoso padenga. Anatuluka. Anapeza Bambo akutsika, bulangete lili paphewa.

"Alonda, mwayamba kugona padenga?"

"Ayi, Aphunzitsi. Ndimagoneka sola."

Bambo anafotokoza zonse. Aphunzitsi anaseka mpaka misozi.

"Mtima wanu ndi wabwino, alonda," anatero. "Ngati mukufuna kuisamala, muziipukuta fumbi. Fumbi nalonso ndi bulangete."

"Kupukuta? Imeneyo ndi ntchito yanga!" anatero Bambo.

Mawa lake Mzime anaima pamzere. Anali womaliza, monga mwa masiku onse. Anadikira. Anadikira. Anadikirabe. Kenako anakhudza galasi.

Galasi linawala ngwee!

"Ba," inatero tabuleti.

"Ba," anatero Mzime.

"Lero siinakomoke," ananong'ona mnzake uja. Ulendo uno Mzime anaseka.

Katoni ija siinagwirenso ntchito yobweza matabuleti. Mphaka wa pasukulupo anayamba kugonamo.

Masiku anapita. Mzime anadziwa "ba". Anadziwa "mbo". Anaziphatikiza. Anawerenga yekha mawu ake oyamba: "Bambo."

Matabuleti tsopano ankakhuta. Ana akaweruka, moto unkatsala. Choncho Aphunzitsi anaitana makolo. "Amene akufuna kuphunzira abwere masana," anatero.

Amayi anabwera. Makolo ena anabweranso. Onse anaima pamzere. Bambo anachedwa, chifukwa ankapukuta sola. Anaima kumapeto.

Anadikira. Anadikira. Anadikirabe. Kenako anakhala pa kadesiki ka Mzime. Mawondo awo anafika m'chibwano.

"Kodi siinagone?" anafunsa Bambo mwamantha.

"Khudzani apa, Ababa," anatero Mzime.

Bambo anakhudza ndi chala chimodzi. Galasi linawala ngwee!

"Ba," inatero tabuleti.

"Bo," anatero Bambo.

"Yesanso," inatero tabuleti.

"Taimvani! Ikunena 'yesanso' kwa munthu wamkulu?" anatero Bambo. "Ine amene ndimaidyetsa?"

Amayi anaseka. Aphunzitsi anaseka. Bambo anayesanso.

"Ba," anatero.

Mzime anawomba m'manja. Anavula chipewa chake chachikulu. Anawaveka Bambo.

"Mwakhoza, Ababa," anatero. "Koma lero mzime ndi inu."