Chogunda M'mimba mwa a Tobias

Dzuwa litapendeka, a Tobias anali m'chigafa kusoka fodya, ndudu ya chingambwe ili pakamwa. Powerama kuti atole singano, anamva chinthu chikugunda pamwamba pa mchombo. Di! Di! Di! Mtima wachiwiri, m'mimba.

Anachidziwa. Akulu awo awiri, wa ku Migowi ndi wa ku Jenala, anayamba choncho. Aliyense anadandaula msana, kenako anagwa osatsanzika. Amuna atatuwa anali pachikamwini m'midzi yotalikirana, nanga mfiti imodzi inkawapeza bwanji? Anthu anati chowalumikiza ndi mlongo wawo Felista, wotsala pamunda wa mayi awo. Maliro achiwiri atatha, amene anayatsa denga la Felista anali a Tobias. Mayiyo anathawira kuseri kwa phiri la Michesi.

Tsopano mphekesera zinawanda. Ena ankati Felista waika chule m'mimbamo. Ena ankati madzulo chigafa chimanunkha udzu wopsa pomwe palibe moto. Ngakhale galu wawo anasiya kuwatsatira.

Kuchipatala adokotala anawapaka mafuta ozizira pamimba, nayang'anitsitsa pakanema.

"Bambo, mtsempha waukulu wa magazi watupa ngati chubu cha njinga. Fodya, bipi ndi ukalamba zimaufooketsa. Ukaphulika, basi. Kwanu alipo anafa mwadzidzidzi?"

"Akulu anga awiri."

"Nanga bambo anu?"

A Tobias anakumbukira. Bambo awo anagwa m'munda atagwira msana, Felista akadayamwa.

"Zimayenda m'magazi a pamtundu izi," anatero adokotala.

Atabwerera kumudzi, anapeza ana awo aamuna, Makina ndi Tikondane, akunola zikwanje pamwala. Pabwalo pankanunkha petulo.

"Adadi, tamva komwe akubisala azakhali," anatero Makina.

"Ikani pansi zimenezo! Si Felista. Ndinamulakwira mwana wa mayi anga. Ndi magazi athuwa, inunso muli nawo."

Kunola kunaleka. Awiriwo anayang'anana.

"Achimwene," Tikondane ananong'ona, "mawu awa ndi a adadi?"

"Ayi. Azakhali alowa mpaka pakamwa."

Anawagwira mwaulemu, wina mkono uwu wina uwo, nawalowetsa m'nyumba.

"Musaope adadi, tikakuchotserani."

Loko analira kunja kwa chitseko. A Tobias anamenya thabwa ndi zibakera, akuitana ana awo mayina, mpaka phokoso la njinga yamoto ya anawo linazilala.