Thobwa la pa Maliro a Chifundo

Mayi Idah ankaanula zovala pachingwe madzulo pamene kulira kunabuka kuseri kwa mdadada wawo ku Ndirande. Chifundo, mwana wa Mayi Dorcas, anali atamwalira. Anali mwana wachiwiri kumwalira mwezi womwewo, ndipo onse anangodandaula mutu m'mawa. Agalu ankalira dzuwa likuswa mtengo, ndipo m'ngalande munkatuluka fungo la nyama yowola.

A Idah anali ndi vuto lawolawo. Chiwadulireni mbali ya chifu chifukwa cha zilonda, chakudya chinkangothamangira m'matumbo. Akadya mbale yodzaza kapena kumwa chotsekemera, posakhalitsa thukuta linkakhala kamukamu, mtima ukugunda, m'mimba mukupotokola, kenako liwiro la kuchimbudzi. Adokotala anawauza kuti azidya pang'ono koma pafupipafupi, shuga osakhudza. N'chifukwa chake pa maliro oyamba aja anakana nyemba.

Koma Ndirande safunsa za adokotala. Mphekesera inayenda pampopi kuti wokana nyemba za pamaliro amakhala akudikira ndiwo ina, ya m'bokosi.

Atabwerako kumanda kokaika Chifundo, Mayi Dorcas anaima kutsogolo kwa a Idah ndi kapu yaikulu ya thobwa lothira shuga.

"Imwani, anebala."

"Limandidwalitsa, mukudziwa inu."

"Ngati m'manja mwanu muli moyera, imwani."

Nyimbo ya maliro inaleka. A Idah anadziwa kuti akakana, nyumba imene anamanga ndi malemu amuna awo igona ili phulusa. Anamwa lonse, misozi ili m'maso.

Thukuta litayamba, Bambo Yakobe, mkulu wa pamdadadapo, ananong'oneza anzake kuti kale pa mwavi wosalakwa ankasanza, koma mfiti inkatsegula m'mimba. Mawuwo anafika kwa a Idah. Anapisa chala kukhosi, koma thobwa linali litadutsa kale. M'mimba mwawo munabangula anthu onse akumva. Anadzuka mofulumira, koma kuchimbudzi sanafikeko.

Mwala woyamba unagwa pamalata dzuwa lisanalowe. A Idah anathawira kwa mchemwali wawo ku Chilobwe ndi chitenje chokha, ndipo anthu anapuma, amvekere tsopano ana agona mtendere. Anthuwo manyazi analibe ndi pang'ono pomwe.

Patatha sabata ziwiri, mdzukulu wa Bambo Yakobe anadzuka akudandaula mutu. Pa maliro ake munthu aliyense anamaliza mbale yake mpaka kunyambita zala, maso ali pa mbale ya mnzake.