Dzina Limene Anamubisira Gousheng

Izi si zopeka ayi. Mayi Dou, aja ogulitsa tofu, chakudya cha soya, m'mudzi mwathu ku Shanxi, analipo, ndipo mayi amenewo sanama ngakhale pa sikelo.

Mnansi wawo Fenglan anali ataika m'manda ana aamuna awiri. Wachitatu anamutcha Gousheng, kutanthauza makombo a galu, kuti mizimu ikamva inyansidwe n'kupitirira. Dzina lenileni analisankha ndi apongozi aamuna a Fenglan: Yongnian, zaka zosatha. Anamunong'oneza Fenglan yekha ali pamphasa ya imfa, n'kumuuza kuti lisatuluke pakamwa mpaka mwana atakula. Ngakhale mwini dzinayo sankalidziwa.

Tsiku lina masana, Mayi Dou, Fenglan ndi mwanayo ankatonola chimanga pabwalo. Nkhuku zinangoti zii. Kunamveka fungo la lubani, chonsecho panalibe wofukiza. Kenaka kumunda wa mapira kunachokera mawu, osadziwika ngati aamuna kapena aakazi.

"Yongnian."

Mwana uja anaika chitsononkho pansi.

"Ndili pano," anayankha.

Dzuwa lisanalowe, thupi lake linali moto. Maso ali tong'o, osazindikira munthu.

"Make Gousheng, mzimu wa mwanayu wasochera," ananong'ona Mayi Dou. "Tengani malaya ake, tikauitane. Inu muziitana, ine ndizivomera."

Fenglan sanalire. Misozi inathera pa awiri aja. Ananyamula malayawo n'kuyenda ngati wotumidwa, mpaka m'mphepete mwa munda.

"Gousheng, bwera kunyumba."

"Wabwera," anavomera Mayi Dou.

Mapira sanagwedezeke. Anaitananso. Mpaka mawu anasasa.

"Dzina limeneli sakulimvanso," anatero Mayi Dou. "Lija tinamva masana, ndi lake?"

Fenglan anaima nji. Akalitchula, ndiye kuti wawatsimikizira oitanawo kuti sanaphonye mwana. Akakhala chete, mwana sabwerera. Mantha analibe, mumtima munangouma gwa.

"Yongnian," anaitana. "Bwera kunyumba."

Mayi Dou amalumbira kuti iwo anali asanatsegule pakamwa. Yankho linachokera pakati pa mapira. Mawu a mwana yemwe anamusiya chigonere kunyumba. Odekha, opanda mkwiyo.

"Amayi, bwanji simunandiuze? Kuno aliyense amalidziwa."

Fenglan anapinda malaya aja bwinobwino, ngati wochokera kochapa. Anauyamba wa kunyumba. Sanathamange.