Chimene Chinkatsamwitsa Injini ya Alamu

Ine ntchito ya umakaniko ndakalamba nayo, ndipo nkhani za mizukwa ndinkaziseka. Injini ikadwala pamakhala chifukwa: mafuta, moto kapena mpweya, basi. Koma galimoto ya alamu anga, amuna a mlongo wanga, inanditseka pakamwa.

Alamuwo amayendetsa takisi. Anaigula yakale, yochita kuwongola itachita ngozi, koma kuinyadira kwake ngati yatuluka m'fakitale dzulo. Vuto lake linali lakuti madzulo injini inkayamba kutsokomola, kunjenjemera, mphamvu n'kutha, kenako n'kuchira yokha. Ndinasintha mapulagi. Ndinatsuka sefa ya mafuta. Mawaya ndinawayesa onse. Akabwera nayo masana inkalira mokoma, ine n'kumaoneka ngati wakuba.

Tsiku limenelo anafika dzuwa litangolowa, ine ndikusamba m'manja kuti ndiweruke. Kumwamba kunali bii ndi mitambo.

"Alamu, yayambanso," anatero. "Ndangotsitsa munthu womaliza, pobwerera basi phu, phu, phu."

"Mukanyamula anthu simachita?"

"Olo adzaze ndi katundu yemwe. Imadikira nditsale ndekha."

"Ndiye kuti yatopa ndi kuimba kwanu kuja," ndinawaseka. "Bweretsani pa dzenje."

Garaja yanga ndi chipinda chimodzi cha malata, chitseko chachitsulo, zenera palibe. Pakati pali dzenje loimamo poyang'ana kunsi kwa galimoto. Mwini nyumba anaumira simenti, ndiye dzenjelo ndi lalifupi, moti galimoto ikaima pamwamba imatseka ndi masitepe omwe. Choncho ndimayamba ndalowa ine, wina n'kuibweretsa pamwamba panga, ndipo kutuluka kwanga mpaka wina aichotse. Ndinalowa ndi tochi yokha. Foni ndi masipanala ndinazisiya pa tebulo poti ndinkangofuna kuona.

"Musazimitse!" ndinakuwa ataiimika. "Izilira mpaka itenthe. Lero ndiigwira ikuchita."

Anatsika. Ndinaona nsapato zawo zikulowera kukhomo.

"Ndikagule fodya patsidyapa, ndikubwera pompano."

"Alamu, musachoke!"

Injini inameza mawu anga. Nsapato zija zinatuluka.

Posakhalitsa mvula inakhuthuka, ya mphepo, yosamvana pa malata. Ndinangomva chitseko cha garaja kuti phwaa! Kenako kachitsulo kotsekera m'kati kanagwera m'malo mwake. Getsi linaphethira n'kuzima.

Poyamba ndinangotukwana. Kenako ndinamva fungo. Ekizozi ya galimotoyo inali yobooka pakati, ndipo utsi wonse unkapopera m'dzenje momwe ndinali ine. Makaniko aliyense amadziwa za utsi wa galimoto m'chipinda chotseka. Sumenyana nawe ayi. Umangokugoneka bwinobwino, osadzukanso. Injini ija ikanapitiriza kulira, alamu akanapeza mtembo.

Ndinayesa kutulukira m'mbali. Mpata wa pakati pa galimoto ndi simenti unkangokwana mkono ndi phewa. Ndinakankha ndi msana, galimoto osasuntha n'komwe. Ndinakuwa mpaka kukhosi kuwawa. Ndinamenya chitsulo ndi tochi, koma ndani akanamva ndi mvula imeneyo? Ndinafunafuna choti ndizule kuti injini ife. Kunsi kwake kunali chimbale chomanga ndi mabawuti. Paipi ya mafuta yodutsa pamutu panga inali yachitsulo. Ya labala inali kumbuyo, pafupi ndi tayala lakumanzere, kupitirira pomwe dzenje lathera. Ndinkaiona ndi tochi, koma zala zinkaperewera.

Ndiye injini yakeyo, mfiti yeniyeni! Imene inkavutitsa alamu madzulo aliwonse, tsiku limeneli inkalira mosalala ngati yatsopano.

Mutu unayamba kugunda. Miyendo inalemera. Ndinakumbukira ana anga, kuti panthawiyi akundidikira pakhomo kuti ndiwatsegulire wailesi yomwe ndinalonjeza kukonza. Ndinachita mantha, ndisakunamizeni. Misozi inatsika.

Mwadzidzidzi masipuling'i akumbuyo analira kuti kweee. Galimoto inatsika mbali yakumanzere, monga imachitira munthu akakhala pampando.

"Alamu?"

Zii. Ndinaunika pansi mozungulira. Panalibe nsapato, panalibe phazi. Chitseko cha galimoto sichinatsegulidwe, cha garaja chinali chitsekere.

Pomwepo injini inatsokomola. Phu. Phu, phu.

Ndinaloza tochi kumbuyo kuja, ndipo ndinaona zonse. Amene anawongola galimotoyo anadutsitsa paipi ya labala ija pakati pa bodi ndi ekiselo, chitsulo cholumikiza matayala akumbuyo. Bodi ikatsika, paipi inkapanikizika, mafuta n'kumadutsa pang'ono. Matenda onse anali amenewo. Ukadaulo ndi ukapolo ndithu, chifukwa ngakhale ndinali pakamwa pa imfa mtima unati, ndakupeza!

Chimwemwecho sichinakhalitse. Mpata wa pamenepo unali waukulu. Alamu amanyamula anthu onenepa ndi matumba awo, paipi osakhudzidwa. Amene anakhala pamwamba pangayu ankalemera kuposa onsewo. Ndipo ankabwera alamu akatsala okha.

Kenako ndinamva chogwirira cha chitseko chakumbuyo cha galimoto chikukokedwa cha m'kati. Kwatya. Kwatya. Kwatya. Chitseko osatseguka. Anasiya pang'ono, n'kuyambiranso, mosafulumira, ngati munthu amene wakhala akuyesa nthawi yaitali.

Ndinafuna kuzimitsa tochi kuti asadziwe kuti ndilipo. Koma maso anali atayamba kuona mdima, ndipo injini inkangotsokomola, osazima. Munthu womira amagwira ndi lumo lomwe. Ndinayandikitsa pakamwa kunsi kwa mpandowo.

"Zikomo kumwambako," ndinatero. "Kaya ndinu ndani, ine sindikudziwani, komanso sindinakulakwireni. Ndatsekeredwa pansi pano, utsi ukundipha. Chonde, tsamirani kumanzereko. Khazikikani ndithu."

Chogwirira chija chinasiya kulira.

Ndinadikira. Mvula yokha pa malata.

Kenako masipuling'i anabuula. Bodi inatsika, inatsikabe, mpaka tayala linaphwatalala ngati latha mpweya. Ndinaona ndi maso angawa paipi ija ikufinyika mpaka kukhala ngati lamba. Injini inati phu, inanjenjemera, inati phu kachiwiri, kenako zii.

Pamwamba panga wina anapuma mpweya wautali, wotopa.

"Zikomo," ndinanong'ona. Ndinakwawira kutsogolo, n'kuika mphuno pa kampata koyang'ana kukhomo, pomwe kamphepo ka mvula kankalowera kunsi kwa chitseko. Ndinakhala chomwecho, osayerekeza kutembenuka. Kumbuyo kwanga chogwirira chinayambiranso. Kwatya. Kwatya.

Mvula itachepa ndinamva chitseko cha garaja chikumenyedwa. Anali alamu ndi mnansi wanga wowotcherera zitsulo, akukanula chitseko ndi chitsulo china kuti kachitsulo kaja kathyoke. Atangotsegula, masipuling'i anati kweee, galimoto n'kudzuka.

"Alamu! Muli moyo? Mayo ine, mlongo wanu ndikanamuuza chiyani!"

Anaikankha, n'kundikoka ngati thumba. Ndinasanza pakhomo pomwepo. Nditapeza mpweya ndinawalalatira alamu mawu oti sindingawabwereze pano, iwo ali chilili, fodya wawo atanyowa m'manja.

"Koma mwazimitsa bwanji?" anafunsa pambuyo pake. "Kiyi ali momwe ndinamusiyira."

Ndinaunika mpando wakumbuyo. Munalibe munthu. Ndinayesa chitseko, chinatseguka bwinobwino.

Wowotcherera uja ankangoyang'anitsitsa galimotoyo. Alamu atapita kukanditungira madzi, anandikokera pambali.

"Achimwene, galimoto iyi ndikuidziwa," ananong'ona. "Tsiku la ngozi yake anandiitana kuti ndikadule zitsulo. Mbali iyi inapindikira m'kati. Munali bambo wina pampando uwu. Anthu akuti ankangokoka chitseko, akupempha kuti amutulutse. Ine pofika ndi makina anga n'kuti atasiya kale."

M'mawa mwake ndinasuntha paipi ija, n'kuimangirira pamalo pake. Ekizozi tinawotcherera. Alamu ndinawauza kuti adzaitenge tsiku lotsatira, ati bwanji osaitenga pompano, ine ndinati ndikufuna ndiiyese kaye.

Dzuwa litalowa ndinaitulutsa panja, n'kukhala pambali. Sipanatenge nthawi, masipuling'i analira, mbali yakumanzere n'kutsika. Ndinapita, ndinatsegula chitseko chija mpaka kumapeto, n'kuima pambali chipewa chili m'manja.

"Bambo, inu munandipulumutsa," ndinatero. "Chitseko ndi ichi, chatseguka. Tsikani."

Ndinadikira mpaka udzudzu unanditha miyendo. Galimoto sinadzuke. Chitseko chili chitsegukire m'dzanja langa, chogwirira chake cha m'kati chinayamba kusuntha chokha. Kwatya. Kwatya. Munthuyo sankaona kuti ndamutsegulira.