Chinsinsi cha Pansi pa Bwato

Awa anali ndi nkhuku yake. Dzina lake linali Phulusa. Nthenga zake zinali zotuwa.

Phulusa anali atakalamba. Kale ankaikira mazira ambiri. Tsopano anasiya kuikira.

Tsiku lina ababa anabwera kuchokera kunyanja. Anayanika ukonde. Kenako anayang'ana Phulusa.

"Nkhuku iyi ikungotha madeya," anatero ababa. "Amalume ako a Hafiz akubwera kuchokera ku Joni. Tidzawachinjira imeneyi, ikhale ndiwo."

"Ababa, koma ndi Phulusa," anatero Awa.

"Inde, ndi Phulusa. Komanso ndi nkhuku."

Awa anayang'ana amama. Amama ankapeta mpunga.

Mawa lake Phulusa anasowa.

Awa anayang'ana m'khola. Munalibe. Anayang'ana pansi pa thandala la usipa. Panalibe. Anayang'ana m'nthochi. Munalibenso.

Kuseri kwa nyumba kunali bwato lakale. Linali lobooka. Ababa analigadabuza kalekale. Awa anamva kaphokoso pansi pake.

Anagwada. Anasuzumira. Mumdima munali maso awiri. Anali Phulusa.

Awa anapisa dzanja pansi pa Phulusa. Anagwira chinthu chofunda. Kodi ndi dzira?

Anachitulutsa. Unali mwala. Unali mwala wosalala, womangirira ku ukonde. Phulusa ankafungatira miyala.

Awa anabweza mwala uja. Sanauze munthu.

Masana amama anatuma Awa kukabweza lichero kwa amake a Simioni. Iwo ankakhala kuseri kwa mpanda. Ankaweta nkhanga.

Awa anawapeza atanyamula mazira m'mbale.

"Taona, mwanawe," anatero amake a Simioni. "Nkhanga zanga zimaikira kutchire, n'kuchokapo. Kuikira zimadziwa. Kufungatira ayi."

"Ndiye mutani nawo mazirawo?" anafunsa Awa.

"Timapatsa nkhuku kuti ifungatire. Koma nkhuku zanga zonse zikungoyendayenda."

Awa anasendera pafupi. Ananong'ona.

"Ine ndikudziwa nkhuku imene ikufungatira."

"Ya ndani?"

"Yanga. Koma ndi chinsinsi."

"Amama ako akudziwa?"

"Ayi."

"Thamanga ukawaitane. Chinsinsi ichi n'chachikulu. Sungachinyamule wekha."

Awa anaitana amama. Onse atatu anapita kubwato. Amama anachotsa miyala. Amake a Simioni anaikapo mazira. Phulusa anawakokera pansi pake ndi mlomo. Anakhalapo phee.

"Akaswa, ana tigawana," anatero amake a Simioni.

"Nanga ababa?" anafunsa Awa.

"Akafunsa, tiwauza," anatero amama.

Ababa sanafunse.

Tsiku lililonse Awa ankapita kubwato. Ankatenga madzi. Ankatenga madeya. Ankatchera khutu. Kunali zii.

Ankapitanso. Ankatcheranso khutu. Kunali ziinso.

Lachisanu lina amalume a Hafiz anafika. Anabwera ndi chikwama chachikulu. Amama anawayalira mphasa. Ababa ananola mpeni.

"Awa, kagwire Phulusa," anatero ababa.

Awa sanasunthe.

"Wamva, Awa?"

"Ndamva, ababa. Koma tabwerani muone kaye."

Awa anatsogola. Ababa anatsatira. Amalume ndi amama anatsatiranso.

Ababa anatukula bwato pang'ono. Phulusa anafufuma. Ababa anapisa dzanja. Phulusa anawajompha.

"Ndi mazira a nkhanga awa," anatero ababa, akusisita chala. "Ndani waika?"

"Ine, ndi amama, ndi amake a Simioni."

Ababa anayang'ana amama. "Mwandibisira?"

"Sitinabise," anatero amama. "Simunafunse."

Amalume a Hafiz anaseka. "Alamu, nkhuku ndadya ku Joni mpaka kutopa. Ine ndasowa chambo."

Ababa anayang'ana mpeni. Anayang'ana Phulusa.

"Nkhuku yofungatira sitichinja," anatero. "Koma tione ngati aswa. Akapanda kuswa, nkhani ibwereranso."

Tsiku limenelo amalume anadya chambo ndi mpunga.

Awa anadikira. Anadikirabe. Kodi nkhuku yokalamba ingathe?

M'mawa wina anagwada pabwato. Anatchera khutu.

"Tswii."

Anatcheranso khutu.

"Tswii, tswii."

Kamutu kanatulukira pansi pa phiko la Phulusa. Kanali ndi timizere. Kenako kanatulukanso kena. Kenako kenanso.

Awa anathamangira kunyumba. Anakoka ababa dzanja. Anaitana amama ndi amalume. Anaitananso amake a Simioni kuseri kwa mpanda.

Phulusa anatuluka pansi pa bwato. Anali atawonda. Ankayenda pang'onopang'ono. Tiana ta nkhanga tinkathamanga uku ndi uku. Phulusa anaitana. Tonse tinabwerera kwa iye.

"Tanga sindititenga msanga, amama," anatero amake a Simioni. "Tikulire kaye konkuno. Mvula ikayamba, ndidzabweretsa mazira ena."

Awa anayang'ana ababa.

"Ababa, ndiye Phulusa akhala?"

Ababa anakanda mutu.

"Akhala. Nanga ana onsewa alera ndani? Ine ndimapita kunyanja."

Onse anaseka. Awa anakhala pansi, pamchenga. Kamwana kamodzi kanakwera paphazi lake. Kanali kofunda. Awa sanasunthe mpaka kanagona.