Muvi wa Laimu pa Mphambano

Dzuwa linali litalowa kale kuseri kwa mapiri pamene Reginald anapukuta manja pa udzu n'kuyamba ulendo wobwerera ku Lupembe. Anachedwa dala. Ntchito imene anatsalira kumtundako inali yosafuna mboni.

Reginald anali mphunzitsi wochokera ku Dedza, ndipo ndiye anayambitsa kagulu ka okwera njinga m'misewu yafumbi ndi timiyala ya m'mapiri a Karonga. Kwa zaka zinayi, Loweruka lililonse, ankakwera yekha kufufuza njira, kudziwa chitunda chokwereka ndi mtsinje wowolokeka, n'kumazilemba m'kope. Kenaka kunabwera Ipyana, namwino wobadwira komweko, ndi njinga yopepuka ya magiya ambiri. Njira zimene Reginald anazipeza ndi thukuta, Ipyana ankazidziwa kuyambira ali mwana woweta ng'ombe. Posakhalitsa anthu anayamba kuzitcha njira za Ipyana.

Chimene chinkamupweteka kwambiri Reginald n'chakuti Ipyana analibe mwano. Ankamudikira pamwamba pa chitunda chilichonse, botolo la madzi lili m'manja. "Pumulani, asambizgi, phirili silithawa," ankatero, pomutchula mphunzitsi m'Chitumbuka. Akanakhala wonyada, kumuda kukanakhala kosavuta.

Mawa lake kunali mpikisano, ndipo alendo anali atafika kuchokera ku Mzuzu ndi kutsidya la Songwe. Tsiku lonselo awiriwo anazungulira mapiri akujambula mivi ya laimu pansi, yolozera okwera kopita. Pamphambano yomaliza muvi unaloza kumanzere, njira yozungulira yokawolokera pamchenga. Ya kumanja inali yotsetsereka, ndipo Reginald anangomva kuti imathera pa mlatho wakale umene anthu anasiya kuyendapo.

Ipyana ponyamuka kukagwira ntchito ya usiku anamasula nyali ya pa njinga yake. "Tengani iyi, adada. Mdima ungakupezeni."

Ipyana atangozimirira, Reginald anafufuta muviwo ndi nsapato n'kujambula wina woloza kumanja. Sankafuna kuti wina avulale, anadziuza choncho. Ankangofuna kuti Ipyana, amene nthawi zonse amakhala patsogolo, asocheretse alendo, abwerere mwamanyazi, anthu aseke njira zakezo. Chitini cha laimu anachibisa patchire.

Tsopano anali kutsika njira ya kumanzere, nyali ya Ipyana ikumuunikira. Sanapite patali. Pafupi ndi manda a pansi pa mitengo ikuluikulu, tcheni chinangoti thu! Mapedulo anazungulira opanda kanthu. Anatsika, nayamba kukankha.

Kunali zii. Mwezi wa Okutobala, usiku wotentha, koma ngakhale nkhululu sizinkalira.

Ndipo anamva kumbuyo kwake. Tche... tche... tche... Kulira kwa njinga imene munthu akukankha.

Anaima. Kuliraku kunaimanso.

Anayenda. Tche... tche... tche...

"Monile, asambizgi."

Reginald anatembenuka. Pambali pake panali munthu wamtali, wovala malaya oyera a manja aatali, atagwira njinga yakuda ya mtundu wakale. Inali yatsopano, mapepala a m'sitolo akadali okulunga pa zitsulo zake. Koma tayala lakutsogolo linali lopindika ngati lichero lopondedwa.

"Yewo, adada," anayankha Reginald. "Mwachedwatu nanu."

"Ndinatsata muvi."

Reginald anafuna kunena kuti muviwo wajambulidwa ndi ana osewera, koma anangopitiriza kukankha njinga. Anayenda limodzi, manda ali kudzanja lamanja.

"Mlathowo suoneka ukamatsika," anatero mlendoyo, maso ali kutsogolo. "Pali khona. Timiyala tambiri. Mabuleki sagwira. Umauona uli kale m'malere."

"Kodi... kodi matabwa palibe?"

"Pakati palibe. Pansi pali miyala."

Apo m'pamene Reginald anamva kudontha. Do... do... do... Anatsitsa nyali. Madzi ankachucha m'malaya a munthuyo, m'tsitsi, m'zala. Mitsinje yonse inali itaphwa. Mvula inali isanagwe chiyambire Epulo. Madziwo ankagwa, koma fumbi silinkanyowa. Anaunika kumbuyo. Mufumbimo munali mapazi a munthu mmodzi, ndi mzere wa njinga imodzi.

Anayesa kupemphera. Atate wathu wa kumwamba... Anafika pa mawu akuti mutikhululukire, ndipo analekera pomwepo.

"Nyali yabwino," anatero mlendoyo. "Ndi yanu?"

"Ya mnzanga."

"Muli ndi mnzanu wokubwerekani nyali." Mawuwo anatuluka pang'onopang'ono, ozizira, a munthu wosirira. "Ine amene anandilozera njira sanandipatse nyali. Anangomwetulira. Anati, dzera kumanja, ndi chidule."



Mlendoyo anaima, natembenuza nkhope koyamba. Mbali imodzi ya mutu wake inali yolowa mkati.

"Mawa abwera angati? Ndakhala ndekha nthawi yaitali kumusiko."

"Yesu wanga!"

Njinga ya Reginald inagwa. Anathothola nyali n'kuthamanga. Sanathamangire kwawo, anabwerera kumtunda. Anagwa. Anadzuka. Anagwanso. M'maso mwake munali Ipyana akutsika khona lija, ataweramira pa njinga, osakayika kanthu chifukwa muvi wajambulidwa ndi asambizgi. Ndipo kumbuyo... tche... tche... tche... osafulumira, osatsalira.

Pamphambano anagwada. Anakanda muviwo ndi zikhadabo mpaka zala zinatuluka magazi. Anakwawira patchire, napeza chitini, nathira laimu yense amene anatsala: muvi waukulu, woonekera patali, woloza kumanzere. Anakoka nthambi za minga n'kutseka njira ya kumanja. Minga inamubaya m'manja koma sanaimve.

Tche... tche...

Kuliraku kunamudutsa pafupi, mphepo yozizira n'kumukhudza tsaya. Kunapyola paminga ngati palibe kanthu. Kunayamba kutsika. Kunathamanga, kunathamangirathamangira, mpaka kunasanduka mluzu. Ndiyeno kutali kumusi, phwaa!

Zii.

Chapamtunda pang'ono panali kanyumba kamene masana sanakalabadire. Munkayaka koloboyi. Reginald anagogoda ndi zibakera zonse ziwiri. Anatsegula bambo wachikulire, wowonda, amene anati dzina lake ndi Ambokile. Sanafunse zambiri. Anamukhazika pa mpando, namupatsa madzi m'kapu ya pulasitiki, natenga kansalu n'kumupukuta laimu ndi magazi m'manja, chala chimodzi chimodzi.

"Mwakumana naye," anatero. Silinali funso.

Reginald anafotokoza za malaya oyera, za mapepala a pa njinga, za madzi. Za muvi anazengereza, koma anaulula. Bamboyo sanamudzudzule. Anangoyang'ana lawi la koloboyi.

"Ameneyo ndi Zebedee. Papita zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri chimuikire m'manda mwadutsa aja. Tinamupeza pansi pa mlatho m'mawa, mvula itakokolola matabwa. Njingayo anali atangoigula dzulo lake."

Reginald anaika kapu pansi. "Akuti alipo anamulozera njira."

Ambokile anapinda kansalu kaja, nakapindanso, nakaika pabondo.

"Ndine ndinamulozera. Zebedee anali mng'ono wanga. Anagula njinga ine mkulu wake ndikuyenda wapansi, mudzi wonse n'kumamutamanda. Za matabwazo ine ndinkadziwa. Ndinkati akafika aima, abwerera akukankha, anthu amuseka pang'ono. Basi."

Kunja kunalibe mphepo, koma lawi linagwedera.

"Ndinasamukira pano chaka chomwecho, kuti ndizibweza aliyense wofuna kutsikira uko. Lero ndinali kumaliro ku Mwenilondo, ndafika kutada, muvi wanuwo sindinauone." Anayang'ana kukhomo. "Usiku uliwonse amadutsa pakhomo pano. Ndimatuluka, ndimamuitana dzina. Inu wakuyankhulani, asambizgi, muyamike Mulungu. Ine zaka zonsezi sanandiyankhepo ngakhale liwu limodzi."