Asilikali a m'Kabati ya a Likagwa

Chodabwitsa chinayamba Lachitatu m'mawa, patangotha sabata a Horace Likagwa atasamuka m'nyumba ya kukoleji ku Domasi. Asilikali awo onse anapezeka atatembenuka, mifuti italoza kuchipinda chogona.

Asilikaliwo anali tizidole tamtovu, totalika ngati chala, mazana asanu ndi limodzi, timene a Likagwa anabwera nato kuchokera kumaphunziro ku Mangalande. Anthu ophunzira ndi otero. Anzawo akubwerako ndi galimoto, iwo zidole. Atapuma ntchito mu 1994 anakakhala kwawo kwa akazi awo, a Dina, ku Malemia. Mipando inakwera lole, koma makatoni a asilikali ayi, ati lole imadumpha, mifuti ingathyoke. Amene anawasenza pamutu anali a Everson, mlonda wawo wokalamba, maulendo asanu ndi anayi, osapatsidwa ngakhale tiyi.

A Likagwa anatha masiku atatu akumasula msilikali aliyense m'nyuzipepala ndi kumupukuta ndi nthenga ya nkhuku. Posowa powasunga, anatulutsa mbale zaukwati za a Dina m'kabati yagalasi, n'kuzikankhira pansi pa bedi. A Dina anangoti, "Chabwino, abambo."

Usiku wa Lachitatu lomwelo chitseko cha kabati chinalira pang'onopang'ono, kenaka kunamveka kaphokoso ka tiki, tiki, ngati mbewa yovala nsapato. Kutacha asilikali makumi anayi anali pansi, pamzere. Usiku wotsatira mzerewo unafika pakati pa balaza. Pamsika wa Songani anthu ananong'onezana kuti si zidole ayi, ndi apayoniya aja anasowa chaka chatha, anawachepetsa ndi mankhwala.

A Likagwa, pokhala mkulu wa mpingo, sakanavomera kuti akuopa. Anapeza womunamizira, monga amachitira onse ovala tayi.

"Madala, ndinu mukuchita zimenezi. Mukufuna muziwaba pang'onopang'ono. Zikachitikanso, ntchito yatha," anauza a Everson.

A Everson analibe munda, analibenso mwana woti awasunge. Usiku umenewo analowa mwakachetechete n'kubisala kuseri kwa sofa. Mdima unali wa ndiwe yani. Achule a kumtsinje analira kwa nthawi yaitali, kenaka onse analeka pamodzi. Kabati inalira. Chinthu choyera chinayamba kukwawa pansi, chikupuma movutikira, tiki, tiki. A Everson anayamba Pemphero la Ambuye n'kuliiwala pakati. Chinthucho chinayetsemula.

"Mayi?" ananong'ona a Everson.

"Chete! Mwaona chiyani, madala?" anatero a Dina.

"Ndaona inu mutagwada, kaputeni wa asilikaliwo ali m'manja."

"Ganizani bwino. Pamudzi pano ndi pa ndani?"

A Everson anaganiza. Ku Malemia mwamuna ndi mkamwini basi, ngakhale akhale ndi digiri zitatu.

"Ndi panu, mayi."

"Ndiye mwaona chiyani?"

"Ndaona akuyenda okha."

"Eya. Gwirani awa mukawaike pakhomo paja. Mawondo anga atopa, ndipo mbale zanga zikudya fumbi."

M'mawa a Likagwa potsegula chitseko anapeza khomo litazingidwa, msilikali mmodzi ataima m'silipasi mwawo. A Everson, chipewa chili m'manja, anafotokoza zonse: mmene anatsikira m'kabati, mmene anagubira, ndi mmene wamkulu wawo anafunsira m'Chingerezi kuti bwana amagona mbali iti ya bedi.

"Ananditchula dzina?" anafunsa a Likagwa.

"Maina onse awiri, bwana."

Dzuwa lisanafike pamutu a Likagwa anali atawakulunga onse ndi manja awo, osawapukuta, n'kuwatsekera m'khola lakale la mbuzi ndi maloko awiri. Za kuchotsa ntchito sanazitchulenso, kupepesa ndiye ayi, wophunzira sapepesa. Anangonyamula okha mpando wa a Everson n'kuuika pakhomo pa kholalo.

Kuyambira tsiku limenelo, odutsa usiku ankaona mlonda mmodzi yekha m'Domasi monse wokhala chofulatira msewu, chibonga chili m'manja, kulondera kuti katundu asatuluke.